Mabotolo Awiri Pawindo

Lolemba, 3 Febuluwale 2025

Ba Riziki amwalira.

Ndalemba, ndawerenga kawiri, sizikulowabe m'mutu. Lachisanu lomweli tinagawana chimanga chootcha kuseri kwa kiliniki, iwo akundiseka kuti ndimatafuna ngati ndikukalipira munthu.

Uthenga unafika cha m'ma 9. Ba Marjory, sista wathu wamkulu, anandikodola pakhomo la chipinda cha jakisoni. Ati amuna awo a ba Riziki, ba Usman, aimba foni. Agwa m'mawa atangomaliza kupemphera. Sitiroko. Pofika nawo ku chipatala chachikulu anali atatsirizika kale.

Mzere wa odwala mpaka kugeti. Komboni yonse ya Kanyama m'madzi, ana otsegula m'mimba, manesi atatu basi. Ba Marjory anati apite okha kaye akaone dongosolo. Ine mumtima ndinati ndimalize ntchito, ndikatenge chitenje ndi duku kwathu ku Chawama, mawa ndikagone pamaliro monga timachitira. Masiku atatu alipo.

Chitsiru ine. Zaka zisanu ndi ziwiri ndikugwira ntchito ndi Msilamu, kudya nawo, kuwaona akuyala kansalu kuseri kwa kabati nthawi yopemphera, lero n'kuiwala kuti kwawo maliro sagona. Ma 16, 4 koloko madzulo, atangopitirira ba Marjory anaimba. Aika kale.

Ndinali ndi jakisoni m'manja. Ndinabaya mwana uja, ndinaitana wotsatira.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Ku Marapodi, kunyumba ya maliro. Tenti palibe, kwaya palibe, bokosi palibe. Amuna panja pamabenchi ndi ba Shehe, azimayi m'nyumba pamphasa, kulira kwake kwa pansipansi. Mayi wina anandifotokozera bwinobwino: anawasambitsa azimayi anzawo, anawakulunga m'nsalu yoyera, amuna ananyamula kupita kumanda, azimayi anathera pageti. Ati zinayenda bwino, sanachedwe.

Kwathu timaona nkhope. Umadutsa pabokosi, umayang'ana, mtima umavomera. Ine sindinaone kanthu. Chomwe ndaona ndi nsapato zawo zoyera za kuntchito, zotsuka bwino, zoyedzamira khoma pakhonde. Anazitsuka okha Lamulungu kuti avale dzulo.

Ba Usman, telala uja wofatsa, anaika dzanja pachifuwa n'kundithokoza. Ati Lachisanu mkazi wawo anafika kunyumba akuti mutu wachepako, Salome wandipatsa mankhwala, mwana uja pakamwa ndi pamoto koma mtima ndi wabwino.

Bola akanandimenya mbama.

Apa ndilembe, poti kope silikauza munthu. Lachisanu masana ba Riziki anabwera m'chipinda changa, anakhala pampando wa odwala atagwira kunkhongo. Ati mutu ukugunda kuyambira Lachitatu. Kenako: "Salome, Mande tikakomboka ku nchito unipelekeze kwinakwake. Maso yanga siyaona bwino masiku yano, nifuna maso ya mwana."

Mutu wogunda kunkhongo. Maso osaona bwino. Mayi wa zaka 54. Akanakhala wodwala wa pamzere ndikanamanga mkono pomwepo. Makina a BP anali patebulo, pafupi ndi chigongono changa. Ndinatsegula dilowa, panado awiri, imwani madzi ambiri ba sista, mwatopa chabe. Za Lolemba ndinati tiona.

Timatero tonse. Nesi sapima nesi mnzake, timangoponyerana mapiritsi pakhonde. Koma amene anatsegula dilowa ndine.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Andiika m'chipinda cha zilonda, cha ba Riziki. Ndinakana, ba Marjory ati palibe wina. Amadziwa bwino kuti ine ndi fungo la chilonda sitimvana.

Mmene ankagwirira iwo. M'mawa botolo la selaini, madzi aja otsukira zilonda, pawindo la kum'mawa kuti lifunde ndi dzuwa. Ati madzi ozizira amadzidzimutsa munthu, mawa lake sabweranso. Asanavale magulovesi, manja m'khwapa kaye, kuwerenga mpaka teni. Ife tinkawaseka, ati nkhuku yofungatira mazira. Mphuno sanakwinyepo, ngakhale phazi litabwera ndi mphutsi. Ndinkawauza kuti anabadwa opanda mphuno.

Dzulo ndikutsegula chitseko, botolo lili pawindo. Ndinati ndi lotsala sabata yatha, ndinalibwezera pansi pa katebulo ka matayala pomwe amakhala. Lero awiri. Oimikidwa bwino, zolemba zake kuyang'ana mkati, monga ndinkawapezera masiku awo. Ndinagwira limodzi. Lofunda.

Sindinafunse munthu. Nesi wathunthu, wa satifiketi, azifunsa za mabotolo oyenda okha? Limodzi ndinagwiritsa ntchito, linalo ndinabweza.

Bambo wina wa chilonda cha moto wa mbaula anandifunsa kuti amayi aja a mpango ali kuti. Ndinati ali patchuthi. Sindikudziwa chimene ndinanamira.

Loweruka, 8 Febuluwale

Tsiku lopuma. Kuchapa, mvula, kuanula, kuyanikanso. Malasha anyowa, mbaula ikungofuka.

Masana m'basi ya ku tauni, mpango wobiriwira ngati wa ba Riziki pampando wa kutsogolo, phewa lomwelo lotsika mbali imodzi. Atatsika, ndinatsika nawo, siteji yanga isanakwane. Ndinawatsatira mpaka pa ogulitsa nsapato. Kutembenuka, mtsikana wamng'ono. Anakumbatira chikwama chake, kuyesa ndine wakuba.

Mawu aja sakundichoka. Kwinakwake. Kuti? Maso a mwana ankawafunira chiyani? Kusankha nsalu, kuwerenga kalata? Zikanakhala zimenezo ba Usman ali ndi maso, ana awo ali ndi maso. Ankafuna maso a nesi.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Kutchalitchi anayendetsa timapepala ta mayina a otisiya. Ndinagwira cholembera nthawi yaitali. Msilamu amalembedwa pamenepa? Ndinalemba. Abusa anawerenga, anapunthwa pa dzina, anapitiriza.

Ba Riziki ankanditcha mwana wa kumudzi. Bambo awo anali wosula ndowa wochokera ku Mangochi, agogo anga anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya njanji. Mudzi wake tonse awiri sitinauonepo. Khirisimasi ankandigwirira ntchito iwo, Idi ndinkawagwirira ine.

Chaka chimene amayi anga anagona osadzuka, msana utabooka zilonda, ine mwana wawo, nesi, ndinkathawira panja kukasanza. Ba Riziki ankakwera mabasi awiri kubwera kuno ku Chawama. Kuwatembenuza, kuwatsuka, kuwaimbira tinyimbo ta Chiyao amayi osamva n'komwe tanthauzo. Amayi atamwalira anakhala nafe masiku onse atatu, pamphasa, pakati pa azimayi a Mvano. Nkhope ya amayi anga anaiona. Ine yawo ayi.

Lolemba, 10 Febuluwale

Awiri pawindo. Ndayamba kusunga m'mutu ngati wamisala: Lachitatu limodzi, Lachinayi awiri, Lachisanu limodzi, lero awiri.

Masana tinatsegula kabati yawo ya zovala, ine ndi ba Marjory, kuti katundu apite kwa ba Usman. Yunifolomu yosinthira, kansalu kopempherera, kapu ya tiyi yothyoka chogwirira. Majombo, matope ouma mpaka pamwamba. Kwawo ku Marapodi njira yawo ndi ya miyala, majombo a chiyani? Kachikwama kakuda: gozi, mabandeji, magulovesi, sizasi. Ndi kiyi wamng'ono wa loko pa chingwe chabuluu.

Pansi penipeni kabotolo ka vikisi, kotsala pang'ono kutha. Ndinatsegula. Fungo lake ndi iwo enieni akamadutsa pakhonde. Ndiye kuti mphuno anali nayo. Ankapaka pansi pa mphuno wodwala asanalowe, kuti asawaone akukwinya nkhope. Zaka zonsezi osatiuza. Ndinakhala pansi pasimenti. Kulira kumene kunakana ku Marapodi kunabwera pa kabotolo ka vikisi.

Kiyi, kachikwama ndi majombo sindinapereke. Ba Marjory anali atapita kukayankha foni.

Nditaweruka ndinaimbira ba Usman. Kiyiyo samudziwa. Ati Lolemba ndi Lachinayi mkazi wawo ankafika mochedwa, akafunsa ankangoti ndinali kwa wodwala wanga. Dzina sanatchulepo. Foni yawo anaizimitsa tsiku la maliro, ili m'sutikesi, pakali pano sangathe kuigwira. Sindinawakakamize.

Ndiye kuti pali munthu. Ali ndi chilonda, ali kuseri kwa loko, kumalo kwa matope. Anamutsuka komaliza Lachinayi la pa 30. Lero masiku khumi ndi limodzi. Mu Kanyama muli maloko angati?

Lachitatu, 12 Febuluwale

Mabuku onse a chipinda cha zilonda ndavundukula. Palibe dzina lolembedwa kuti amayenderedwa kunyumba. Ndafunsa azimayi oyendera odwala m'komboni, onse sakudziwa. Mmodzi ati ankawaona akutsikira cha ku ngalande atavala majombo, koma ku ngalande ndi theka la Kanyama.

Chilonda cha masabata awiri osatsuka, nyengo ino, madzi a m'zimbudzi akulowa m'nyumba. Ndikudziwa mmene chimaonekera.

Mawa ndi tsiku la mabotolo awiri. Chilichonse chimene chimaika, chikudziwa zimene ine sindikudziwa. Ndikumana nacho.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Basi yoyamba, ma 6 ndili pa kiliniki. Ndinakhala pabenchi ya odwala moyang'anana ndi chitseko.

Kunabwera ba Blackson ndi ndowa ndi chokolopera. Ba Blackson, mdala wathu wokolopa, amene amamaliza m'zipinda ife tisanafike n'kupita kukasesa panja. Anatsegula, anawerama pa katebulo, mabotolo awiri, pawindo, kuwatembenuza kuti zolemba ziyang'ane mkati.

Ndinaseka, ndinakalipa, zonse pamodzi. Ati akhala akuika zaka khumi ndi chimodzi, ba Riziki ndiwo anawapempha, ndipo palibe wawauza kuti aleke. Botolo linalo ndi la amayi a kutsidya kwa ngalande, ba Mainess. Lachisanu lija ba Riziki anawauza kuti Lolemba apita ndi Salome, ndiye iwo ankayesa ntchitoyo ndinailandira, ndikupitako. Akapeza botolo labwerera pa katebulo ankadabwa, koma kufunsa ayi. Ndinati chifukwa? Anayang'ana m'ndowa. "Pakamwa panu, ba sista. Timayopa."

Kenako nkhani ya ba Mainess. Okutobala wa chaka cha dzana, kutentha kuja. Mayi wachikulire wa matenda a shuga, wosaona, anabwera pa wilibala akukankhidwa ndi mwana wake wamkazi. Phazi m'pulasitiki, ntchentche pambuyo. Nesi wa patebulo lolembera anakuwa pamaso pa mzere wonse kuti mwasunga chilonda mpaka chaola, manje mwabwela kutinunkhisa ise, muikeni panja uko. Anthu anaseka. Mayi uja anauza mwana wake kuti tembenuza wilibala. Ba Riziki anamva zonse pawindo. Ataweruka anatenga kachikwama, iwo ndi ba Blackson kufunsa nyumba ndi nyumba mpaka anawapeza. Kuyambira pamenepo, Lolemba ndi Lachinayi. Ba Mainess analumbira kuti pa kiliniki pano sadzafikanso.

Dzina la nesiyo ba Blackson sanatchule. Anangofinya chokolopera nthawi yaitali.

Pulasitiki ija ndikuikumbuka. Yachikasu, yomangidwa ndi mphira. Ndikukumbukanso kuti anthu ataseka ndinamva kukoma.

Chaka ndi miyezi inayi ba Riziki akudya nane chimanga, akutsuka chilonda chimene ndinathamangitsa ine, osandiuza kanthu.

Ba Blackson anandilongosolera njira: kudutsa pompi ya anthu onse, kuwoloka ngalande pa thabwa, nyumba yachitatu, chitseko cha malata. Ma 16 mvula inagwa yamphamvu. Ndinati thabwa lamira, ndipita mawa. Mvula inagwadi. Koma si mvula inandiletsa.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Ndinavala majombo awo. Akundikwana. Ndinafika pa pompi, ndinaona thabwa lili pamwamba bwinobwino, azimayi akuwoloka ndi zidebe pamutu. Chitseko cha malata ndinachiona. Ndikalowa ndinene kuti ndine ndani? Ndinaima mpaka mayi wina anandifunsa ngati ndasochera. Ndinabwerera.

Iwe Salome, wamantha iwe. Pakamwa ponse paja.

Masiku khumi ndi asanu.

Loweruka, 15 Febuluwale

Ndapita. Ndilembe zonse.

Ndinadzera pa kiliniki kutenga botolo. Dzuwa kunalibe, ndinaliika m'khwapa mkati mwa jekete njira yonse. Vikisi pansi pa mphuno. Loko ali kunja kwa chitseko: mwana wa ba Mainess, Taonga, amagulitsa masamba ku msika wa Soweto, amachoka kusanache, amawakhomera amayi ake kuopa akuba. Kiyi analowa osavuta.

Chipinda chimodzi. Bedi pamwamba pa njerwa, pakhoma mzere wa madzi osefukira kufika m'akakolo. Fungo linapyola vikisi. Pabedi mawu: "Riziki? Mwachedwa imwe. Nenze nakamba kuti mwanitaya."

Ndinagwada, ndinamasula nsanza zimene Taonga anamanga. Zala zitatu zakuda bii. Kufiira kwakwera mpaka pakatumba. Thupi moto. Ndinathira selaini, anapuma mozama, ati eya, madzi ndi omwewo. Kenako anagwira dzanja langa, kulipapasa mpaka m'chigongono. "Manja aya si ya Riziki."

Ndinawauza kuti ba Riziki anamwalira. Tsiku lake, mmene anagwera, kuti anaikidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, n'chifukwa chake mbiri sinafike kuno. Sanakuwe. Anatembenukira kukhoma. Patapita nthawi ati masabata awiri akhala akukwiyira munthu ali m'manda. Taonga anaimba foni ya ba Riziki kangapo, yozima. Kupita kukafunsa pa kiliniki anamuletsa iwo omwe, kuopa kuti akuluakulu angadziwe kumene mabandeji amapita, ba Riziki n'kuchotsedwa ntchito. Phazi likuola, iwo akuteteza ntchito ya munthu wakufa.

Ndinati amama, ichi chapitirira manja anga, tipite lero lomwe, tidzere pa kiliniki atilembere kalata ya ku chipatala chachikulu. Ati mawu anga awadziwa nditangotsegula pakamwa, maso ndiwo anapita, makutu alipo. "Ndimwe ba Salome. Muzaniika panja?"

Manyazi ake. Ndinasowa poyang'ana, chonsecho iwo sakundiona. Ndinati ndine, ndinalakwa, ndilibe chonena. Mawu anatuluka ang'onoang'ono, ngati si anga.

Ati ba Riziki anawanyengerera chaka chathunthu kuti alole ndibwere. Ankati mwana uja manja ali nawo abwino, pakamwa ndi pomwe pamamuthawa, adzaone chilondachi ndi maso ake. Iwo ankakana. Januwale ndi pomwe anavomera, atamva kuti ba Riziki ayamba kupapasa pomanga bandeji, sizasi kuigwetsa kawiri. Lolemba lija anasamba m'mawa, anavala chitenje chatsopano, kudikira alendo awiri.

Nambala ya Taonga yolembedwa ndi khala pakhoma. Nditamuimbira anabwera akuthamanga, epuloni ili m'chiuno. Anandizindikira ali pakhomo pomwe, nkhope inauma, amayi ake anati leka. Tinabwereka wilibala kwa oyandikana nawo. Ba Mainess anati apita, koma ndisayende kutsogolo ngati sindiwadziwa. Ndinati wilibala ndikankha ndine.

Pa thabwa sitikanadutsa, tinazungulira kumsewu. Matope, tayala kutitimira, mikono kutsala pang'ono kuzuka. Taonga kutsogolo kukoka, osandilankhula. Pageti la kiliniki mzere wa Loweruka, anthu kugwira mphuno. Bambo wina wa jekete lachikopa ati vinthu vonunkha so muzipitisa kumbuyo. Pakamwa panga panagwira ntchito yake, mpaka munthu anavula chipewa. M'wilibala ndinamva ba Mainess akuseka pang'ono. Ndinawalowetsa mkati, m'chipinda cha ba Riziki, pabedi la pawindo.

Ba Marjory anali pa ntchito. Anaona majombo, anaona kachikwama, sanafunse kanthu. Analemba kalata, anaitana ambulansi.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Adula. Pansi pa bondo.

Kutentha kwatsika, shuga yatsika, moyo akuti wapulumuka. Dokotala wake wachinyamata, waulemu. Ati akanabwera sabata yoyamba mwina zikanapita zala zokha. Ndinamutsatira pakhonde. Nanga masiku awiri? Akanabwera Lachinayi m'malo mwa Loweruka? Anandiyang'ana, ati sista, zimenezo palibe angadziwe.

Ndinkafuna anene kuti ayi. Kapena anene kuti inde, ndidziwe chimene ndasenza.

Taonga wayamba kundiyankha moni. Lero anandipatsa mpando. Za Lachinayi ndi Lachisanu sakudziwa.

Lachisanu, 21 Febuluwale

Ndayambitsa lamulo langa. Lachisanu lililonse m'mawa, geti lisanatsegulidwe, aliyense wogwira ntchito pano mkono patebulo. Ba Marjory anadandaula kuti mzere ukudikira, ndinati udikire. Ba Blackson 188 pa 110, akuyenda nayo, akukolopa nayo, mutu ati umangowawa masana. Ayamba mankhwala lero. Makina akufufuma pamkono pawo, ine maso pampando uja anakhalapo ba Riziki.

Ba Marjory alemba ba Mainess m'buku la oyenderedwa kunyumba. Ati kuyambira tsopano mabandeji azitulukira pakhomo la kutsogolo.

Bambo wa chilonda cha mbaula uja anabweranso. Ndamuuza zoona. Analira ngati mwana, munthu wa ndevu zake, ati palibe anamuuza, akanapita ngakhale kukaima pageti.

Botolo ndikudziwa amene amaika. Komabe ndikatsegula chitseko ndimayamba ndasuzumira kuseri kwa kabati.

Lachinayi, 6 Malichi

Ba Mainess anawatulutsa m'chipatala Lolemba. Lero awiri pawindo. Ba Blackson sanadikire kuuzidwa.

Madzi aphwa, thabwa lauma. Majombo ndinavalabe. Ndinatsegula loko, ndinatchula dzina langa ndisanalowe. Ati lowani, ndamva kale mayendedwe.

Ndisanagwire bandeji ndinakhala pa njerwa n'kuwauza. Kuti njira ndinaidziwa Lachinayi. Kuti Lachisanu ndinafika pa pompi n'kubwerera. Kuti dokotala akuti palibe angadziwe. Za panado nazonso ndinanena, munthu woyamba kumuuza. Ndinaika kiyi m'dzanja lawo, ndinati ba Marjory atha kutumiza nesi wina.

Panja wina akuitanira malasha. Kiyi uja kumutembenuza m'manja, chingwe chabuluu kuchikulunga pachala, kuchimasula, kuchikulunganso.

Sananene kuti akhululuka. Anandifunsa ngati ndimawalota ba Riziki. Ndinati kulota ayi, ndimawaona masana, m'basi, pakhonde, poti nkhope yawo sindinaione pomaliza. Ati iwo sanaionepo n'kamodzi komwe. Chaka ndi miyezi inayi, sakudziwa ngati anali oyera kapena akuda. Manja okha, ndi fungo la vikisi. Ati vikisiyo ankamumva ulendo uliwonse, ntchito yake ankaidziwa bwino, koma sananene kuopa kuwachititsa manyazi.

Kenako anapapasa pabedi, anapeza kachikwama kakuda, anaponyamo kiyi. Ati mwendo wapita, koma chilonda chilipo, chimafuna kutsukidwa Lolemba ndi Lachinayi, ndipo iwo alibe mphamvu yozolowera manja achitatu.

Ndinatsegula botolo. Ndinagwira bondo lawo kuti ndione pomasulira. Anadzidzimuka.

"Manja yanu yazizila, ba Salome. Ikani mukwapa."

Ndinaika. Iwo anayamba kuwerenga, pang'onopang'ono, wani, tuu, fili,